Chilembo cha W sichitseka khomo la sukulu ya udokotala

Ku America, ophunzira ambiri ofuna udokotala amakhulupirira kuti ukasiya kosi pakati n'kulembedwa W (withdrawn, kutanthauza kuti unasiya) pa transcript, chikalata cha magiredi ako a ku koleji, basi wadziphera tsogolo. Ena amakakamira chemistry imene yawakanika mpaka kutuluka ndi giredi yotsika ya D, poopa kachilembo kamodzika. Kumeneko n'kudzipweteka.

AMCAS, njira imene ambiri amafunsira malo m'sukulu za MD (digiri ya udokotala), siwerengera W powerengetsa GPA, yomwe ndi avareji ya magiredi anu onse. Koma D kapena F imalowa ndithu, ndipo ngakhale mutabwereza kosiyo n'kukhoza bwino, magiredi onse awiri amaphatikizidwa. AACOMAS, njira yofunsira malo ku sukulu za DO (mtundu wina wa digiri ya udokotala), inkalola giredi yatsopano kufafaniza yakale, koma inasiya zimenezi mu 2017. Chenjerani ndi WF yokha, imene imalembedwa mukasiya kosi mukulephera kale: ngati koleji yanu imaitenga ngati kulephera, nayonso AMCAS imatero.

Chimene chimadzutsa mafunso ndi chizolowezi. W imodzi chifukwa cha matenda kapena maliro palibe amaidabwa. Zikachuluka, makamaka pa makosi olimba a sayansi, osankha ophunzira ku sukulu za udokotala amaganiza kuti mumathawa zikavuta, ndipo pa intavyu angakufunseni. Kosi yofunikayo muidzabwereze, muikhoze, ndipo mukafunsidwa mufotokoze mwachidule.