Tsabola wakale amene akadawawa

Mwezi wathawu, nditaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndinalowa pamalo ena odyera m'tauni muno ndi kuitanitsa nsima ya batala. Ndili chidikirire, kunalowa azungu awiri. Mnyamata woperekera zakudya, amene ine anangondifunsa ali chapatali kuti "mudya chani?", anathamanga kukawakokera mipando, mawu atafewa ngati akuyankhula ndi apongozi. Chakudya chawo chinafika changa chisanabwere. Potuluka ndinamuitanira pambali. "Achimwene, zimene zija n'chiyani?" Anandiyang'ana modabwa zenizeni. "Pepani bambo, sindinadziwe kuti ndalakwa. Timangotero."

Mnyamatayu sadana nane, ndipo palibe anamukhazika pansi kumuuza kuti akhungu loyera aziyamba kudya. Anangozitola, monga tinazitolera ambirife. Koma "timangotero" ameneyu ali ndi kwawo.

John Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinautsa mkwiyowo. Za thangata ndi nkhanza za pa esiteti ya Magomero ambiri timazidziwa. Chimene sitikambakamba n'chakuti mboni zachikuda zinabwerezabwereza dandaulo lina looneka laling'ono: chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo kawirikawiri mzunguyo ankangodutsa osabwezera ulemu. Kaya mphunzitsi, kaya mbusa, kaya mkulu waimvi mbuu, onse chimodzimodzi. Ndikawafotokozera ana a m'kalasi mwanga amayamba aseka, kenako amangoti zii. Amazindikira kuti chinthu chochitidwa tsiku ndi tsiku chimalowa m'khosi, mpaka munthu kumawerama asanaganize n'komwe. Ulamuliro wa atsamunda unatha mu 1964, koma kuweramako palibe anakuikira tsiku lothera.

Kuno kumpoto makolo athu sanangopinda manja. Levi Zililo Mumba ndi anzake anali atayamba kale kulembera boma madandaulo kudzera m'bungwe la North Nyasa Native Association la mu 1912, ndipo iye yemweyo anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Tsikirani ku Nkhata Bay: pa 3 Malichi 1959 asilikali anaombera anthu amene anasonkhana padoko pofuna kuti abale awo otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndipo anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Adzukulu awo tili nawo m'misika ndi m'makalasi muno.

Ena amati ndisamafukule zimenezi, tsabola wakale sawawa. Ine ndimakana. Mu 2022 tinaona mavidiyo a ana a ku Njewa, ku Lilongwe, amene mwamuna wina wa ku China ankawajambula akunena mawu odzinyoza okha m'chiyankhulo chimene sankachimva, n'kumagulitsa. Khoti linamupeza wolakwa. Tsabolayo akadawawa ndithu.

Pali mbali ina imene imativuta kuikamba, ndipo ndi imene ndimaiumirira kwambiri. Nafenso tinachitirapo ena. M'zaka za m'ma 1970 Amwenye anachotsedwa m'malo a malonda a kumidzi n'kuuzidwa kuti azichitira bizinesi m'mizinda ikuluikulu basi. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Kusankhana zigawo ndi tsankho la khungu si chinthu chimodzi, mbiri yake n'njosiyana, koma kagwiridwe kake n'kofanana: munthu waweruzidwa kale asanatsegule pakamwa. Nkhani ya ku Njewa itamveka, ndinamva ndi makutu anga anthu akutukwana Mtchaina aliyense wodutsa, ngati kuti onse ndiwo ankajambula.

N'chifukwa chake ndikaitanidwa kutsogolera zokambirana kutchalitchi kapena pabwalo, sindiyamba ndi funso lakuti "kodi kuno kuli tsankho?" Funso limenelo limangobala mikangano. Ndimayamba ndi chochitika chimodzi chokhala ndi chaka ndi malo ake, kenako aliyense anene chimene chinamuchitikira iyeyo kapena kholo lake. Mawu akuti "inu anthu" timawaletsa, ndipo palibe amayankhulira mtundu wonse. Akuluakulu amayamba, chifukwa anaona ndi maso. Chakumapeto ndimawawerengera gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, loletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena chiyankhulo, ndi kuwauza kuti wochitiridwa zotere angathe kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Pa zokambirana zina ku Chibavi, ku Mzuzu, mayi wina wopuma pantchito yauphunzitsi anafotokoza mmene anachokera kuchigawo chapakati mu 1989. Sanatchule wandale aliyense. Anangoti anasiya munda, anasiya ana a Sitandade 6 amene ankawakonda, anasiyanso manda a mwana wake woyamba. Mnyamata wina wa ku Dedza, amene poyamba ankati anthu akuno amakonda kudandaula, anakhala chete nthawi yaitali atazolika. Kenako anati, "Amayi, ine sindinkadziwa. Mandawo ali mudzi uti?"