Nsima Imayambira M'tsamba la Chimanga

Alimi ambiri a ku Chongwe amene ndimacheza nawo pa ntchito yanga ya ulangizi amakhulupirira kuti chimanga chimadya dothi. Zoona zake n'zakuti ufa umene timaphikira nsima umachokera makamaka ku mpweya ndi madzi, ndipo chimene nthaka imawonjezerapo ndi michere yochepa chabe.

M'tsamba muli tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa chloroplast, ndipo m'menemo muli chlorophyll, yemwe amabiriwitsa tsamba. Kuwala kwa dzuwa kukamugwera, mphamvu yake imaphwanya madzi, oxygen amene timapuma n'kutuluka, pamene mphamvuyo imasungidwa mu tinthu tonyamula mphamvu totchedwa ATP ndi NADPH. Kenako enzyme (chinthu chofulumizitsa ntchito za m'kati mwa mbewu) yotchedwa Rubisco imagwira carbon dioxide, mpweya wolowera pa timabowo ta tsamba, ndipo mphamvu yosungidwa ija imamusandutsa shuga, yemwe pambuyo pake amasanduka ufa wa m'njere. Melvin Calvin analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chofotokoza gawo lopanga shugali.

Komabe Rubisco ili ndi chilema: kukatentha kwambiri imagwiranso oxygen, mbewu n'kutaya mphamvu pachabe. Apa ndi pamene chimanga chimandichititsa chidwi. Icho chimayamba chagwira carbon dioxide ndi enzyme ina, n'kumuunjika m'maselo ozungulira mitsempha ya tsamba, kotero kuti Rubisco imagwira ntchito itazingidwa ndi mpweya umene ikufunadi. Njira imeneyi, yotchedwa C4, anaifotokoza Hatch ndi Slack ku Australia mu 1966. Mapira ndi nzimbe nazonso zimatero, koma nyemba ndi soya ayi.

Ngakhale zili choncho, madzi akasowa nzeru zonsezi zimatha. Pa chilala cha 2024 tinaona masamba akupindika ngati a anyezi dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Timabowo tija tinali titatsekeka pofuna kusunga madzi, ndipo potero mpweya wopangira shuga sunkalowanso. Masamba a m'munsi akamachita chikasu kuyambira kunsonga, kawirikawiri ndiye kuti nitrogen wachepa, popeza chlorophyll ndi Rubisco zonse zimamangidwa ndi iyeyo, n'chifukwa chake urea wobereketsa sayenera kuchedwa.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kuona munthu akuthothola masamba aawisi kuti adyetse mbuzi chimanga chisanakhwime. Shuga wodzaza njere amachokera kwambiri m'tsamba la pa chisononkho ndi masamba a pamwamba pake, ndipo akachotsedwa msanga njere zimafota, thumba n'kupepuka.