Mafunso ndi mayankho: lamulo la Oslobođenje loti nyuzi ituluke zivute zitani

Nyuzi imeneyi ndi ya kuti?

Ndi ya ku Sarajevo, likulu la Bosnia ndi Herzegovina. Dzinalo limatanthauza kumasulidwa, ndipo inabadwira mu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse pa 30 Ogasiti 1943.

Nanga lamulolo linali lotani?

Asilikali a Aserbia a ku Bosnia atazinga mzindawu mu Epulo 1992, mkonzi wamkulu Kemal Kurspahić ndi anzake anapangana kuti bola Sarajevo ilipo nyuzi izituluka tsiku ndi tsiku basi. Ndipo anakwanitsadi, nkhondo yonse ija mpaka 1995 anaphonya tsiku limodzi lokha.

Ankagwirira kuti ntchito poti mabomba anali ponseponse?

Apa ndiye pamandigwira mtima. Ofesi yawo inali pafupi kwambiri ndi pomwe ankawomberana, mu 1992 momwemo nyumbayo inaphulitsidwa nkupsa, ndiye anatsikira kuchipinda chapansi pa nthaka chobisalamo mabomba, nyuzi nkumakonzera komweko. Popeza msewu wopita kumeneko unali wa imfa chifukwa cha owombera mobisala, anakonza zoti gulu likalowa lizikhala konko masiku 7, kugona konko kudya konko, kenako kubwere gulu lina kudzasinthana nalo, tangoganizani sabata yonse banja lako lili mumzinda womwe ukuphulitsidwa iwe uli pansi kulemba nkhani.

Mapepala ankawatenga kuti?

Ankasindikiza pa pepala lililonse lomwe lapezeka, nchifukwa chake saizi ya nyuzi inkasinthasintha, masamba nkuchepanso. Kugulitsa ankagulitsa atolankhani okha mumsewu.

Kodi ankalemba ntchito mtundu umodzi wokha?

Ayi ndithu. Abosniak, Aserbia ndi Akroati ankakhala pa tebulo limodzi pomwe kunja anthu akuphana chifukwa cha mtundu, ndipo Gordana Knežević, mmodzi wa akonzi akuluakulu, anali Mserbia. Kwa ine apa ndi pomwe panagona mphamvu ya nyuziyi.

Analipo omwe anataya moyo?

Eya, antchito 5 anaphedwa, 25 anavulala. Mtolankhani Kjašif Smajlović anaphedwa m'tauni ya Zvornik mu Epulo 1992 ali pantchito, wojambula zithunzi Salko Hondo bomba linamupeza mu Julaye chaka chomwecho akujambula anthu omwe anali pa mzere wotunga madzi. Mu 1993 nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya inapatsa nyuziyi mphotho ya Sakharov yolemekeza omenyera ufulu wa anthu, nkhondo ikadali mkati.