Dzina lachitatu la anthu a ku Congo linachokera kuti?

Aliyense amene anathandizapo munthu wa ku Congo kulemba fomu, kaya ku Dzaleka kaya mu Lilongwe, akudziwa pamene cholembera chimaima. Fomu imafuna mayina awiri, lake ndi la bambo, koma munthuyo akutchula atatu. Ena amayamba kumukayikira kuti akubisa kanthu. Palibe chimene akubisa. Dzina lowonjezeralo, limene eni ake amati postnom, linakhazikika chifukwa cha lamulo la boma la 1972.

Pa 27 Okutobala 1971 Mobutu, pulezidenti wa nthawiyo wa dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo, anasintha dzina la dzikolo kukhala Zaire, ati pofuna kuchotsa fungo la atsamunda. Chodabwitsa n'chakuti mawu oti Zaire ndi mmene Apwitikizi ankatchulira molakwika liwu la Chikongo lotanthauza mtsinje. Mu Januwale 1972 anatembenukira kwa anthu. Iye mwini anataya dzina la Joseph-Désiré n'kukhala Mobutu Sese Seko Kuku Ngbendu wa za Banga, ndipo nzika iliyonse inauzidwa kusiya dzina lachizungu n'kutenga la makolo, lomwe ndiye postnom ija. Wansembe wopezeka akubatiza mwana ndi dzina la ku Ulaya ankaopsezedwa ndi zaka 5 za kundende.

Pa tanthauzo la dzina lalitalilo olemba mbiri amasiyana. Ambiri amati ndi msilikali wamphamvu wogonjetsa adani n'kusiya moto m'mbuyo. Ena amati ndi tambala wosaphonya thadzi. Kumasulira koyambako kukumveka ngati kwa pa wailesi ya boma, kwachiwiriko kwa anthu onong'onezana pamsika.

Amene anapanikizika kwambiri ndi ansembe a Katolika. Malamulo a mpingo a 1917, pa ndime 761, ankalamula wansembe kuonetsetsa kuti wobatizidwa walandira dzina lachikhristu. Makolo akakana, ankayenera kuwonjezera dzina la woyera n'kulemba onse awiri m'buku la ubatizo. Tsono uku bishopu, uku apolisi, pakati khanda likulira.

Kadinala Joseph-Albert Malula wa ku Kinshasa anatsutsa. Anthu ena amamunena ngati womenyera mayina a azungu, koma mbiri yake ikukana. Ndi iye amene kwa zaka zambiri ankalimbikira kuti mapemphero akhale ndi nyimbo, ng'oma ndi zilankhulo za kwawoko. Chimene sankafuna n'chakuti boma lilowe m'nyumba n'kusankhira kholo dzina la mwana. Nyuzipepala ya mpingo ya Afrique Chrétienne inatsekedwa, Malula anatulutsidwa m'nyumba yake, ndipo mu Febuluwale 1972 anapita ku Rome. Anabwerako patapita miyezi ingapo, lamulo likadali pomwepo.

Zotsatira zake zinayenda mwakachetechete. Mu 1983 mpingo unafewetsa lamulo lake: ndime 855 imangoti dzina lisakhale lotsutsana ndi chikhristu, choncho Chisomo kapena Tiyamike angathe kubatizidwa popanda Petulo kutsogolo. Mobutu atagwa mu 1997, mayina a ubatizo anabwerera poyera, koma postnom sinachoke chifukwa inali italowa kale m'ziphaso ndi m'masatifiketi a sukulu.

N'chifukwa chake pulezidenti wa dzikolo ndi Félix-Antoine Tshisekedi Tshilombo: Félix-Antoine ndi la ubatizo, Tshisekedi la banja, Tshilombo ndiye postnom. Pa zikalata za ku Congo amayamba ndi dzina la banja, kenako postnom, la ubatizo pamapeto. Wolemba fomu akangokopera motsatira mzerewo, dzina la banja limagwera pa mpata wa dzina loyamba, ndipo mapepala a munthu mmodzi amaoneka ngati a anthu awiri.