Mendi, chifunga ndi mkangano wa amene anatulukira sonar

Pa 21 February tinapita ku manda a Avalon ku Soweto kuja kuli chikumbutso cha SS Mendi, sitima yomwe inamira mu 1917 ndi anthu oposa 600, ambiri anali anthu akuda omwe amapita ku France kukagwira ntchito za nkhondo. Pobwerera mu taxi achimwene ena akwathu ku Nkhotakota anayamba zoti ikanakhala ndi sonar, chipangizo chija chofufuzira zinthu m'madzi pogwiritsa ntchito phokoso, bwenzi atapulumuka, komanso kuti sonar ndi nzeru za ma America. Tinakangana mpaka ku renki ya Bree mu Johannesburg.

Choyamba, Mendi sinaomberedwe ndi sabumarini ayi, inagundidwa ndi sitima ina, Darro, m'chifunga cha m'bandakucha pafupi ndi Isle of Wight. Chaka chomwecho ndi chimene sonar imabadwa, koma inali isanakwere sitima iliyonse, ndiye panalibe choti chiwathandize.

Za America achimwenewo sananame kwenikweni. Titanic itamira mu 1912 anthu anayamba kusaka njira yodziwira zomwe zili m'madzi, ndipo mu 1914 Reginald Fessenden, yemwe amagwira ntchito ku Boston, anatumiza phokoso m'nyanja nkulimva likubwerera litagunda chiphiri cha ayezi pa mtunda wa makilomita atatu. Kungoti iyeyo anali wa ku Canada, ndipo chipangizo chake chimangoti kuli chinthu, osanena bwino kuti chili mbali iti.

Pomwe zinatembenuka ndi ku France. Ma U-boat, masabumarini a Germany, anali akumiza sitima ngati masewera, ma British amangotsitsa ma hydrophone, maikolofoni a m'madzi, nkumamvetsera, sabumarini ikazimitsa injini basi yasowa. Paul Langevin, yemwe anaphunzira kwa Pierre Curie, anayamba mu 1915 limodzi ndi Constantin Chilowsky wa ku Russia, zimayenda mokoka, mpaka mu 1917 anakumbukira zomwe Pierre ndi m'bale wake Jacques anapeza mu 1880, kuti mwala wa quartz ukaufinya umatulutsa magetsi, ukaupatsa magetsi umanjenjemera. Ndiye mwala womwewo umakuwa, womwewo nkumvanso, ngati mleme uja usiku. Anamata tizidutswa ta quartz pakati pa zitsulo ziwiri, ku Toulon akuti tinsomba tikadutsa kutsogolo kwake timayandama chagada titafa. Pofika 1918 anayamba kuimva sabumarini ili pansi pa madzi.

Ku Britain kunali Robert Boyle, wobadwira ku Newfoundland, wophunzira wa Ernest Rutherford. Anakaona za Langevin, nkubwerera kukapanga chake, nayenso mu 1918 anaimva sabumarini kufupi ndi Harwich. Nkhondo inatha mu November zisanagwire ntchito pa nkhondo yeniyeni.

Mabuku a ku France amakweza Langevin, ndipo sizolakwika, quartz ija ndi nzeru yake, ma patent ali m'dzina lake. Koma ine Boyle amandimvetsa chisoni. Ntchito yake inali chinsinsi cha boma, sanatenge patent, sanalembe zambiri, pomwe chomwe chinamangidwa pa sitima za Royal Navy nkukalimbana ndi ma U-boat pa nkhondo yachiwiri chinachokera ku gulu lake. Ngakhale dzina loti ASDIC, lomwe ma British anachipatsa chipangizocho, nalo ndi lokayikitsa, mu 1939 Admiralty, likulu la asilikali a m'madzi a Britain, inanena kuti ndi chidule cha dzina la komiti ina, koma ofufuza m'mafaelo awo komitiyo sanaipeze. Ena amati linachokera ku Anti-Submarine Division, ine ndimapendekera komweko.

Ma America chawo chenicheni ndi dzinali. Mawu oti sonar anawapeka ndi Frederick Hunt wa ku Harvard m'zaka za nkhondo yachiwiri, potengera radar. Achimwene aja ndawatumizira zonsezi pa WhatsApp, angoyankha kuti Loweruka tikaonane ku museum ya nkhondo ku Saxonwold, akufuna akaone kasabumarini ka German ka munthu m'modzi komwe kali kumeneko.