Kukathandiza pa nyumba ya ana amasiye ya mishoni: zimene anthu amandifunsa asanabwere

Sukulu zikangotsekera, komanso Khirisimasi ikamayandikira, foni yanga simapuma. Ndimathandiza kulandira anthu odzipereka pa nyumba ina ya mpingo yolerera ana kuno kummwera, ndipo oyimbawo amakhala osiyanasiyana: telala wa mumsika, namwino wopuma pa ntchito, gulu la achinyamata a kwaya, mwana wa kumudzi kuno amene ali ku Johannesburg ndipo akubwera ku tchuthi cha mwezi umodzi. Onse amafuna kuchitapo kanthu, ena amatchulanso vesi la pa Yakobo 1:27. Mafunso awo amafanana, ndiye ndawayika pamodzi.

Kodi ndingangofika pa geti n'kunena kuti ndabwera kudzathandiza?

Mukatero tikulandirani, tikupatsani mpando ndi madzi akumwa, koma kwa ana simufikako tsiku limenelo. Yambani ndi kalata yonena kuti ndinu ndani, mumadziwa ntchito yanji, ndipo muli ndi nthawi yayitali bwanji. Tidzafuna kalata ina yochokera kwa munthu amene amakudziwani bwino, monga abusa, ansembe, amfumu kapena abwana a kuntchito kwanu, ndipo munthuyo timamuyimbira ndithu. Tidzafunanso chikalata cha ku polisi chosonyeza kuti simunapezekepo ndi mlandu, chimene amapereka atakutengani zidindo za zala. Pomaliza mumawerenga ndi kusayina malamulo athu oteteza ana.

Nanunso muli ndi ufulu wotifunsa. Nyumba yolerera ana iyenera kukhala yovomerezeka ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu, ndipo a Social Welfare a pa boma lanu amadziwa nyumba zimene zili m'kaundula. Ngati ndi bungwe, liyenera kukhala lolembetsa ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe amene si a boma, imene kale inkatchedwa NGO Board. Malo amene akuzemba mafunso amenewa, kapena akukulowetsani m'chipinda chogona ana tsiku loyamba lomwelo osakufunsani kanthu, musawapatse nthawi yanu ngakhale ndalama zanu.

Koma ine ndi mkhristu mnzanu, bwanji mukundifufuza ngati wakuba?

Funso ili limandifika pamtima chifukwa ambiri olifunsa ndi anthu abwinodi. Vuto ndi lakuti munthu wofuna kuchitira ana zoipa naye amabwera ndi Baibulo m'manja, amayimba bwino, amadziwa kupemphera. Pankhope sitingamusiyanitse ndi inu. Choncho aliyense amadutsa njira imodzi, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi mlongo wake wa mkulu wa nyumbayi. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo pa china chilichonse, ndipo chiyambire 2017, pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana wa Fomu 3 amene wakula thupi ndi mwana ndithu pamaso pa lamulo.

Ndi luso lanji limene limafunika kwenikweni?

Limene lidzatsale inu mutapita. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anatinso mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Zonsezi n'zoona, ndipo ntchito yathu ndi kuonetsetsa kuti kalumoko mwatisiyira.

Tinali ndi makina osokera opalasa ndi phazi asanu amene anatumizidwa ndi anthu akufuna kwabwino. Anakhala m'stolo zaka, fumbi lili mbuu, chifukwa atatu anaduka malamba ndipo ena ankangodula ulusi. Kunabwera mayi wina, telala wa zaka zambiri, amene ankapezeka Lachiwiri ndi Lachisanu masana okha. Sabata yoyamba sanasoke kanthu. Anaitana amayi awiri olera ana ndi atsikana akuluakulu anayi, n'kugadabuza makina amodzi pa tebulo. Anawaonetsa pochotsera bobini, pamene pamaunjikana ubweya wa nsalu, pothira mafuta dontho limodzi lokha, ndi kasikulu kakang'ono kamene ukakapotoza pang'ono ulusi wa pansi umasiya kupota. Aliyense anamasula ndi kubwezeretsa yekha, mayiyo manja ali kumbuyo. Atatha miyezi inayi anasiya kubwera chifukwa cha miyendo, koma yunifolomu za ana mpaka lero zimasokedwa pompano, ndipo makina akavuta saitana munthu.

Yerekezani ndi gulu lina limene linabwera Loweruka limodzi, n'kupenta chipinda chodyera, n'kujambulitsa, n'kumapita. Chipindacho chinawala, sindikana, koma m'mudzi momwemo muli anyamata odziwa kupenta amene akanasangalala kulandira ganyuyo.

Ndiye ngati ndinu kalipentala, mmisiri wa zitsulo, wokonza njinga, wodziwa za magetsi a sola kapena za mipopi, bwerani mudzaphunzitse. Mlimi amene angationetse kupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kumanga m'thumba masabata atatu, watithandiza kuposa wobweretsa matumba awiri a feteleza kamodzi. Wodziwa kusunga mabuku a ndalama, kapena kulemba pa kompyuta, timamufuna kwambiri ku ofesi ngakhale sadzaonana ndi mwana ndi mmodzi yemwe. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ana olemba mayeso a Sitandade 8 ndi MSCE sakwana chaka chilichonse. Chinanso chimene amisiri angachite ndi kulozera achinyamata athu njira ya ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la ntchito, ndi ku makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuti luso lawo lidzakhale ndi pepala.

Ine ndilibe luso la manja. Ndimangokonda ana. Sindingabwere kudzanyamula makanda?

Apa ndi pamene ndimakhumudwitsa anthu ambiri, koma yankho ndi ayi, makamaka ngati mukubwera kwa masiku ochepa.

Panali kamnyamata ka zaka zitatu kamene mlendo aliyense akatsika galimoto kankathamanga, n'kumukumbatira miyendo, n'kukwera pamiyendo pake osamudziwa n'komwe dzina. Alendo ankati, “Taonani chikondi cha mwana uyu!” Iwo sankaona za madzulo. Galimoto ikatuluka kankagwira zitsulo za geti, kulira mpaka mawu kutha, nsima osadya, usiku n'kukodza pogona. Sabata yotsatira kubwere wina, zomwezo. Mwana wokulira pa msana pa mayi ake akaona mlendo amabisala kuseri kwa chitenje, ndipo umo ndi mmene ziyenera kukhalira. Wothamangira aliyense akusaka munthu mmodzi woti akhale wake, ndipo aliyense womunyamula n'kumusiya akumuphunzitsa kuti anthu sakhalitsa. Akatswiri amene anatsatira ana a m'nyumba zolerera ku Bucharest, m'dziko la Romania, kuyambira cha m'ma 2000 anapeza kuti ana amene anapititsidwa m'mabanja akadali aang'ono anakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kusiyana ndi amene anatsala.

Ngati mumakondadi makanda, pepukitsani ntchito ya mayi amene amawalera tsiku ndi tsiku. Chapani matewera, thandizani m'khichini, phikani phala la Likuni, kuti iye apeze mpata wokhala pansi ndi mwanayo pamiyendo.

Kodi ana onsewa alibiretu abale?

Ochepa kwambiri ndi amene alibe wina aliyense. Ambiri ali ndi kholo limodzi, agogo, azakhali kapena atsibweni. Chimene chinawabweretsa nthawi zambiri ndi umphawi, matenda, kusowa fizi, kapena mayi kumwalira pobereka pakhomo popanda ndalama ya mkaka wa m'chitini. Ambiri mukukumbukira nkhani ya mu 2006 ya mwana wa ku Home of Hope ku Mchinji amene anatengedwa ndi mayi wotchuka wa ku America: bambo ake a mwanayo anali moyo.

N'chifukwa chake ndondomeko ya boma, mogwirizana ndi mfundo zimene bungwe la United Nations linavomereza mu 2009, imati nyumba yolerera ikhale pothawira pomaliza ndiponso kwa kanthawi. Ntchito yobwezeretsa ana kwa abale awo inayambira m'maboma a Blantyre, Lilongwe, Dedza ndi Mangochi mothandizidwa ndi UNICEF. Kwa inu wodzipereka izi zikutanthauza kuti luso lanu lingagwire ntchito yaikulu kunja kwa mpanda wathu: kuphunzitsa agogo olera zidzukulu kuweta nkhuku kapena kuyendetsa banki mkhonde, kuthandiza alezi a pa sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo safunika achite kulowa m'nyumba ya ana amasiye kuti akhale wako.

Ndine namwino. Ndingayambe kuona ana odwala?

Pokhapokha ngati kalembera wanu ku Nurses and Midwives Council of Malawi ali bwino. Madokotala ndi makiliniko ofesa, kwawo ndi ku Medical Council of Malawi. Amene anaphunzira kapena akugwira ntchito kunja ayenera kulembetsa kaye kuno. Wophunzira amene sanamalize sukulu asabaye mwana jakisoni kapena kulemba mankhwala. Ena mwa ana athu amamwa ma ARV, ndipo zimenezo ndi chinsinsi cha mwanayo ndi omusamalira; mukazidziwa chifukwa cha ntchito, zithere m'mutu mwanu.

Nanga wochokera kunja?

Mmalawi amene ali ndi pasipoti ya kuno safuna chilolezo, koma abweretse chikalata cha polisi cha dziko limene akukhala, kaya ndi South Africa kaya Britain. Mnzanu wa dziko lina amene mukufuna kubwera naye adziwe kuti chilolezo cha mlendo wodzacheza si chogwirira ntchito. Wodzakhala nthawi n'kumagwira ntchito, ngakhale yosalipidwa, amafunika Temporary Employment Permit ya ku Immigration, ndipo mishoni yomuitana ndiyo imathandiza kupempha. Yambani msanga, mapepala amatenga nthawi.

Ana angagwire nawo ntchito imene ndikuphunzitsa?

Malinga ndi msinkhu. Lamulo la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Kuphunzira kupala thabwa masana ataweruka n'kwabwino. Kumutuma kupopera mankhwala m'dimba, kuwotcherera zitsulo opanda magalasi, kapena kuumba njerwa zogulitsa nthawi ya kalasi, ayi. Ndipo phunziro lililonse limachitikira poonekera, chitseko chili chotsegula, wogwira ntchito wa pano ali pomwepo. Simukhala awiriwiri ndi mwana, simumutengera kwanu, simumumenya ngakhale atakulakwirani chotani.

Zithunzi ndi mphatso bwanji?

Nkhope ya mwana siipita pa Facebook kapena pa WhatsApp, ngakhale cholinga chili chopempha thandizo. Chithunzi cholembedwa kuti “mwana wamasiye” chidzamutsata mpaka tsiku limene adzafunsire ntchito kapena banja. Jambulani makina, dimba, mipando imene mwakhoma.

Mphatso perekani ku ofesi kuti igawidwe. Mukasankha mwana mmodzi n'kumupatsa nsapato zatsopano, usiku umenewo mwa ana anzake mukhala nkhondo imene inu simudzaiona. Osapatsana manambala a foni ndi ana, ndipo chonde osalonjeza. Mawu akuti “ndidzakulipirira fizi” kapena “ndidzabweranso pa Isitala” inu mungawaiwale pofika pa depoti, koma mwana amawasunga. Ndikudziwa mtsikana amene anadikira kalata yotero materemu atatu.

Ndikaona kapena kumva zoti mwana akuchitidwa nkhanza, nditani?

Nenani tsiku lomwelo. Lamulo la 2010 lija limapereka udindo kwa wosamalira ana, ngakhale kwa munthu wamba wa m'dera, wodziwitsa a Social Welfare kapena apolisi akakhala ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa. Mwana akayamba kukuuzani, mvetserani modekha, musamupanikize ndi mafunso, ndipo musamulonjeze kuti simuuza munthu. Muuzeni kuti muuza okhawo amene angamuthandize. Uzani woyang'anira chitetezo cha ana pa nyumbapo. Ngati wokayikiridwayo ndi mkulu wa pamalopo, kapena mukuona kuti nkhani ikukwiriridwa poopa kuchititsa manyazi mpingo, pitani nokha ku Victim Support Unit ya polisi kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Nkhani yogwiririra mwana siithera m'bwalo la akulu a mpingo.

Pali kangachepe kolandira?

Malipiro palibe. Ife timapereka chakudya cha masana, ndipo nthawi zina thiransipoti ikapezeka. Malo ena amachita mosiyana, choncho funsani poyamba kuti pasadzakhale kudandaula. Pomaliza timalemba kalata yonena zimene munachita, ndipo achinyamata ambiri yawathandiza pofunsira ntchito.

Ndili ndi masiku ochepa okha. Ndibwerebe?

Zitengera ntchitoyo. Kukonza pampu ya pa mjigo pamodzi ndi mlonda wathu kuti naye adziwe, masiku awiri akwana. Kuphunzitsa masamu kumafuna teremu yathunthu, ola lomwelo, tsiku lomwelo sabata iliyonse, mvula kaya dzuwa. Mukamalemba kalata yanu ija, tiuzeni masiku amene mungakwanitsedi, ndipo mutchule kuti mukufuna tikupatseni anthu angati oti muwasiyire ntchitoyo. Tidzawasankha musanafike.