Kabawi amene anamuona, kambuku amene anangomumva

M'nyumba zachikhalidwe ku Japan mumakhala kamalo kolowa m'khoma kotchedwa tokonoma, ndipo m'menemo amapachikamo chithunzi chachitali chojambulidwa pa silika kapena pa pepala, chimene amachitcha kakejiku. Chithunzichi sichikhalitsa pakhoma, chifukwa nyengo ikasintha amachikulunga pa kamtengo kake ka kumunsi n'kuchisunga m'bokosi la mtengo wa kiri, kuopa chinyezi ndi kuwala kumene kumasulutsa utoto.

Ndikamaphunzitsa anthu kuyang'ana zithunzi zimenezi, ndimayambira pa akabawi. Pa nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, asilikali olemekezeka otchedwa samurai ankaweta mbalamezi kuti azisakira nyama, ndipo Tokugawa Ieyasu, amene anayambitsa ulamuliro wa nthawiyo, ankaukonda kwambiri ulenje umenewu. Motero ojambula monga Soga Chokuan ndi Soga Nichokuan ankajambulira anthu odziwa kabawi kuchokera ku mlomo mpaka ku mchira, moti kulakwitsa nthenga imodzi kukanaonekera poyera. Taonani chithunzi cha kabawi womangidwa pa mtengo wopingasa umene amaterapo: zikhadabo zakanirira mtengo, chingwe chofiira chalendewera kuchokera ku miyendo, pachifuwa pali timizere topingasa, ndipo diso langoti tong'oo kumbali ngati kuti laona kanthu kakugwedezeka mu udzu. Kwa ine, m'diso limenelo ndi mmene muli luso lonse, pakuti mbalame yomangidwa ikuonekabe kuti mtima wake uli kutchire.

Nkhani ya kambuku wamizeremizere wa ku Asia ndi yosiyana. Chilombochi kulibe m'nkhalango za ku Japan, choncho ojambula ankadalira zikopa, zithunzi zochokera ku China ndi Korea, ndiponso amphaka a pakhomo. N'chifukwa chake akambuku ambiri a nthawiyo, kuphatikizapo ojambulidwa ndi Maruyama Okyo (1733 mpaka 1795), amaoneka ofatsa, a mapazi onenepa ndi nkhope yozungulira. Ena ali ndi kamboni ka diso kopyapyala ngati ka mphaka masana, pamene kambuku weniweni kake ndi kozungulira. Panalinso chikhulupiriro chakuti nyalugwe wamawangamawanga ndi mkazi wa kambuku ameneyu, ndiye muwapeza atajambulidwa pamodzi ngati banja.

Apusi ndiwo analipo ambiri m'mapiri, ndipo Mori Sosen (1747 mpaka 1821) anawayang'anitsitsa kufikira pojambula ubweya wawo ndi timizere tosawerengeka, tofewa kwambiri moti munthu amalakalaka kukhudza silikayo ndi chala.